Mmene Anadulira Malire a Dziko la Kabula

Ife amene tikhala ku Chirimba tiona phiri la Michiru tsiku ndi tsiku, koma ambiri sitidziwa kuti kale dziko lalikuru lozungulira Blantyre linalembedwa m'makalata kuti ndi la Azungu owerengeka. Tiyeni tione mmene zinayendera.

Amishoni a ku Scotland anafika kuno m'chaka cha 1876, ndipo Mfumu Kapeni inawapatsa malo. Pambuyo pao kunadza a Mandala mu 1878. John Buchanan anatsegula minda ya khofi ku Zomba ndi ku Michiru, ndipo Eugene Sharrer, mwini masitolo a Kabula, anatenganso malo ambiri. Anthu otere anali kupita kwa mafumu atanyamula nsaru, mikanda, mfuti ndi wonga, nabwerako ndi pepala lonena kuti agula dziko. Mafumuwo sanali kudziwa kuwerenga. Ndiponso pa mwambo wathu mfumu isunga dziko la anthu ake. Ingathe kupatsa mlendo polima, koma kugulitsa ai.

Harry Johnston atayamba kulamulira dziko lino mu 1891, anaweruza nkhani za malowa. Kuyambira 1892 kufikira 1894 anapereka makalata 59 ochedwa Certificate of Claim, a maekala oposa 3,700,000. Ambiri a maekalawa anali kumpoto, koma kuno ku mapiri a Shire ndiko kunapita nthaka yachonde. Sharrer yekha analandira maekala oposa 360,000. Mtengo umene Johnston anauyesa woyenera unali theka la kobiri pa ekala, kapena makobiri atatu pa nthaka yabwino koposa.

Kuyesa dziko ndi nchito yochedwa. Woyesa malo anali ndi unyolo wa mayadi 22. Malo a unyolo umodzi m'lifupi ndi maunyolo 10 m'litali ndiwo ekala imodzi, ndipo maekala 640 apanga mailo imodzi mbali zonse. Tsono tawerengani nokha: malo a Sharrer aja aposa mamailo otere 560. Ndani akadakoka unyolo m'thengo lonselo? Oyesa malo anali ochepa kwambiri, chotero malire ambiri anangolembedwa ndi mau: kuyambira pa mtsinje wakuti, kukwera phiri lakuti, kufika pa mtengo wakuti. Koma mtengo udulidwa, ndipo mtsinje usintha njira.

Choipa chachikuru chinali china. M'makalata ambiri munali mau akuti midzi ndi minda imene inalipo kale isasokonezedwe popanda chilolezo cha Boma. Mau abwino ndithu! Koma panalibe amene anayesa midziyo, kapena kuilemba pa mapu, kapena kuwerenga anthu ake. Makolo athu anali kusiya munda ukaguga ndi kukaswa mphanje kwina, mudzinso unali kusamuka. Munthu akangosuntha, mwini esiteti ankati, "Pano ndi panga, suli pamalo pako pakale." Umboni wotsutsa nao panalibe. Alomwe amene anadza pambuyo kuchokera ku Mozambique ndiwo analibiretu chowateteza. Umu ndimo thangata inakulira: munthu kugwira nchito kwa mwini malo m'malo mwa kulipira lendi ya pamene akhala.

Mu 1903 woweruza Nunan anaweruza mlandu wa kampani ya Blantyre and East Africa, imene inatenga minda ya Buchanan, nati eni dziko oyamba sayenera kulipira lendi. Chiweruzocho sichinasinthe zambiri, pakuti kusiyanitsa mwini dziko ndi wobwera kunali kovuta kale. Nkhanza za thangata pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero zinali pakati pa zifukwa za nkhondo ya John Chilembwe mu 1915. Sir Sidney Abrahams atafufuza mu 1946, analangiza Boma kugula malo a maesiteti amene sanali kulimidwa kapena anali odzala ndi anthu. Boma linaguladi, koma pang'onopang'ono, ndipo thangata inathetsedwa ndi lamulo mu 1962.