Kutsitsa pikapu: kodi kumapulumutsadi mafuta?

Chiyambire pamene ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mwini galimoto aliyense akumawerengera lita iliyonse ya petulo ndi dizilo. Mtengo wa mafuta umalengezedwa ndi bungwe la MERA ndipo dalaivala sangausinthe, choncho ambiri akufunafuna njira zoti galimoto izimwa pang'ono. Imodzi mwa njira zomwe zimakambidwa m'magalaja ndiyo kutsitsa pikapu kuti iyandikire pansi, pochotsa masipuling'i ena kapena kuikamo afupiafupi. Nkhaniyi ikukhudza anthu ambiri m'maboma a Machinga ndi Balaka, kumene pikapu ndiyo imanyamula mpunga, nandolo, thonje, nsomba za ku Chilwa ndi Chiuta, ngakhalenso odwala. Mafuta akapita ambiri, amene amalipira ndi mlimi ndi wokwera matola.

Ganizoli lili ndi maziko ake. Galimoto ikamayenda imalimbana ndi mpweya umene uli patsogolo pake, ndipo mbali ina ya mafuta imathera pa kuukankha. Kunsi kwa pikapu si kosalala: kuli ekiselo, ekisozi, thanki ndi tayala lapadera, ndipo mpweya ukalowako umavundukavunduka n'kumakoka galimoto m'mbuyo. Galimoto ikatsika, mpweya wolowa kunsiko umachepa. N'chifukwa chake ku America pikapu ya Ram 1500 ya mu 2013 idabwera ndi masipuling'i a mpweya amene amaitsitsa yokha ikafika pa liwiro lalikulu. Chochititsa chidwi n'chakuti akatswiri ake adangoitsitsa ndi masentimita osakwana awiri, ndipo liwiro likachepa imakweranso.

Pamenepa m'pamene pagona nkhani yonse. Mphamvu ya mpweya wolimbana ndi galimoto siikula mofanana ndi liwiro. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanayi. Pikapu yoyenda makilomita 40 pa ola imakumana ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a mpweya umene ikadalimbana nawo pa makilomita 80. Tsono phindu la kutsitsa limaoneka pa msewu wosalala, wautali, woyendapo mothamanga osaimaima. Woyendetsa matola pa msewu wa M3 kuchoka ku Liwonde kudzera pa Ulongwe amaima pa sitolo iliyonse, amachepetsa liwiro pa mabampu, amapatukira njinga za kabaza ndi mbuzi. Akakhotera ku msewu wa dothi wolowa m'midzi, mafuta ake amathera pa kulemera kwa katundu, pa mchenga ndi pa magiya aang'ono. Mpweya ulibe nawo gawo lalikulu.

Masamu ake ndi osavuta. Tiyerekeze pikapu imene imamwa malita 10 pa makilomita 100 alionse, ndipo kutsitsako kwachepetsa mafuta ndi magawo awiri pa 100, zomwe n'kuikomera mtima kale. Pa ulendo wa makilomita pafupifupi 30 wa pakati pa Balaka ndi Liwonde, mafuta opulumuka sangadzaze ndi theka la kapu ya tiyi lomwe.

Chimene mwini galimoto amataya n'chachikulu kuposa apo. Pikapu zambiri zimapangidwa ndi mpata wa masentimita pafupifupi 20 kapena kuposerapo pakati pa nthaka ndi chitsulo chotsikitsitsa, ndipo mpatawu ndiwo umaidutsitsa pa miyala, pa mizere yokumbika ndi madzi, ndi pa madooko opanda milatho m'dzinja. Namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 adaonetsa mmene msewu wabwino ungasandukire chigwembe usiku umodzi. Sampu ya oyilo ikabooka pa mwala panjira ya ku Nayuchi kapena ku Utale, mtengo wokonzetsa ndi wokokera galimoto umameza zonse zimene zikadapulumuka m'zaka zingapo. Kuchotsa masipuling'i kumachepetsanso katundu amene galimoto inganyamule bwino. Mashoko amatha msanga, matayala amadyeka mbali imodzi ngati sadawongoledwenso, ndipo tayala lopendeka limamwetsa mafuta ambiri. Galimoto yosinthidwa mwachisawawa ikhozanso kuvutika pokatenga chiphaso cha COF ku nthambi yoona za pamsewu.

Pali kutsika kwina kumene kumaoneka tsiku lililonse la msika pa Ntaja, pa Nsanama ndi pa Phalula: pikapu yopachiridwa matumba mpaka kumbuyo kwake kukhala pansi, mphuno itayang'ana kumwamba. Imeneyo siidatsitsidwe, yangolemedwa. Kutsogolo kukakwera, mpweya wambiri umalowa kunsi, nyali zimathobwa madalaivala obwera kutsogolo, ndipo matayala owongolera sagwira bwino msewu. Apa nkhani ya mafuta imasanduka nkhani ya miyoyo ya anthu amene akhala pamwamba pa matumbawo.

Amene akufunadi kutsitsa chinthu atsitse katundu. Mulu wa matumba, matebulo kapena madengu wopitirira denga la kabini umakulitsa nkhope ya galimoto kuposa mmene masipuling'i angaichepetsere. Unduna woona za mphamvu ku America umanena kuti bokosi lalikulu la katundu padenga lingathe kuonjezera kamwedwe ka mafuta kotero kuti mtunda woyenda pa lita umatsika ndi magawo 6 mpaka 17 pa 100 pa msewu waukulu. Katundu wolemera aikidwe pansi, pafupi ndi kabini, ndipo lona amangidwe zolimba kuti asamakupize.

Undunawo umatinso matayala opopedwa moyenera angapulumutse mafuta ofika magawo atatu pa 100. Muyezo wake udalembedwa pa kachikwangwani kamene kali pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala, ndipo kawirikawiri pamakhala manambala awiri, ya galimoto yopanda katundu ndi ya yodzaza. Mpweya uyezedwe m'mawa matayala asanatenthe. Liwiro nalo lili m'manja mwa dalaivala: kuchoka pa makilomita 100 kufika pa 80 pa ola kumachepetsa mphamvu ya mpweya ndi gawo loposa limodzi mwa magawo atatu, ndipo pa ulendo wa Balaka mpaka Liwonde kuchedwa kwake sikufika mphindi zisanu.