Bokosi Lochenjeza za Moto ndi Kalondedwe Kake ka Mawaya

M'nyumba zina zogona ana a sukulu, m'zipatala zazing'ono ndi m'masitolo mupezeka bokosi lokhomedwa pakhoma pafupi ndi khomo, lokhala ndi tinyali tofiira, tachikasu ndi kamodzi kobiriwira. Ntchito yake ndiyo kuliza belu moto ukabuka. Koma lili ndi ntchito inanso imene ambiri saidziwa, ndiyo kulonda mawaya ake omwe, usana ndi usiku.

Nyumba igawidwa m'zigawo, kapena 2, kapena 4, kapena 8. Chigawo chilichonse chili ndi mawaya awiri ochokera m'bokosi. Pa mawayawo alumikiza zipangizo zomva utsi za kudenga, ndi timabokosi tofiira tapakhoma timene munthu adina akaona moto. Kukhitchini aikako chomva kutentha, pakuti chomva utsi chikadaliza belu pa nsima iliyonse.

Tsono nzeru yonse ili kumapeto kwa mawaya. Pa chipangizo chotsiriza mmisiri amangirira kanthu kochepa ngati nyemba, kotchedwa resistor. Kameneka kalola magetsi pang'ono chabe kupyola ndi kubwerera kubokosi, monga kabowo ka pa ngalande ya kudimba kalola madzi kungodontha. Bokosi liyesa magetsi obwererawo kosalekeza. Akabwera pa muyeso wake, zonse zili bwino. Chipangizo chikamva utsi chitsegula njira ina, magetsi achuluka, nyali yofiira iyaka ndipo belu lilira. Akaleka kubwera konse, ndiye kuti waya waduka, kapena khoswe wautafuna kudenga, kapena wina wazula chipangizo. Pamenepo iyaka nyali yachikasu ndi kamluzu ka m'bokosi. M'mabokosi ambiri nyali yachikasu iyakanso mawaya awiriwo akakhudzana, chifukwa magetsi asefukira kopyola muyeso wa moto.

Alipo amisiri aulesi amene, potopa ndi kufunafuna podukapo, achotsa resistor kumapeto naimanga m'bokosi momwemo. Nyali yachikasu izima, kamluzu kakhala chete, mwini nyumba alipira nakondwa. Komatu bokosi lotere lasanduka mlonda wogona. Waya ndi wodukabe, ndipo zipangizo zonse za kutsogolo kwa podukapo sizingathe kuliza belu, ngakhale utsi udzaze chipinda mmene mwagona ana. Mphunzitsi wamkulu ali ndi ufulu wouza mmisiri kuti amuonetse pamene pali resistor ya chigawo chilichonse asanalandire malipiro.

Bokosi la mtundu uwu linena chigawo chokha, osati chipinda. Chifukwa chake pambali pake payenera kukhala pepala losonyeza zipinda za m'chigawo chilichonse, kuti woona nyali yofiira usiku adziwe kothamangira.

Magetsi a kunja akazima, bokosi lidalira mabatire, kawirikawiri awiri a 12 volts. Malangizo a ku Britain otchedwa BS 5839 afuna kuti mabatirewo asunge bokosi maola 24, natsale ndi mphamvu yoliza belu mphindi 30. Mabatire akalamba ngakhale asanagwire ntchito, ndipo ambiri awasintha pakatha zaka 4.

Malangizo omwewo ati belu liyesedwe kamodzi pa mlungu. Woyang'anira nyumba achenjeze anthu poyamba, ayese kabokosi kofiira kamodzi ndi kiyi wake, mlungu uno aka, mlungu wa mawa kena, nalembe tsikulo m'buku. Nyali yachikasu ikayaka alembenso m'buku lomwelo, naitane mmisiri tsiku lomwelo.