Manambala a Mayunitsi Amafika Bwanji Pamwamba pa Pholo?

Wowulutsa: Makalata a sabata ino akundikana pa nkhani imodzi ya magetsi, ndipo a Injiniya afika kale. Abwera ndi timabokosi tiwiri toyera tomwe aika patebulo pano. A Injiniya, mwaswera bwanji?

Katswiri: Ndaswera bwino achimwene, kaya inu. Timabokosito tisiyeni kaye, nthawi yake ikwana. Werengani.

Wowulutsa: Yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Area 25 ku Lilongwe. Akuti: “Mita yathu ili pamwamba pa pholo, kunja kwa mpanda. M’nyumba muli kachipangizo ka mabatani kokha, kamene timalowetsapo manambala tikagula mayunitsi. Timangokalumikiza pa soketi ngati ayironi, waya wina wopita ku pholo palibe. Nanga manambalawo amafika bwanji kumwambako? Mwana wanga akuti ndi netiweki ya foni, ine ndikukana poti mulibe simu.”

Katswiri: Mayi, mlanduwu mwawina, mwanayo akugulireni mandasi. Mamita ogawidwa pawiri chonchi alipo a mitundu ingapo. Ena amalankhulana ndi kachipangizo kawo pa waya wapadera, ena pa mafunde a wailesi. Koma wanu, poti mukuti mumachita kulowetsa pa soketi, uthenga wake umayenda mu waya womwewo umene umabweretsa magetsi. Magetsi akutsika kuchoka pa pholo, manambala anu akukwera, msewu ndi umodzi.

Munaimapo pachigayo cha dizilo chili mkati mogaya? Injini ikamati du-du-du, pansi ponse pamanjenjemera. Munthu wa mawu a besi akayankhula pamenepo mumangoona milomo. Koma mnyamata wa pachigayo akaimba likhweru kuitana mwini thumba lotsatira, aliyense amatembenuka. Likhwerulo silinapose injini mphamvu ayi, langokhala lopyapyala, lili pamwamba pomwe injini sifika. Magetsi a m’nyumba zathu, a mavolti 230, amapita ndi kubwerera ka 50 pa sekondi. Kumeneko ndiye kulira kwa chigayo. M’kachipangizo kanu muli modemu yaing’ono, mu mita mulinso ina. Zimenezi zimaimbirana likhweru la magetsi, lofooka ndithu, koma lonjenjemera maulendo zikwi makumi angapo pa sekondi. Ku Ulaya anachita kuika malire: malikhweru otere azikhala pakati pa 3,000 ndi 148,500 pa sekondi, ndipo chigawo cha m’munsi, mpaka 95,000, anachisiyira makampani a magetsi okha.

Mukadina manambala 20 aja, kachipangizoko kamawasandutsa mndandanda wa 0 ndi 1. Njira yosavuta kwambiri ndi kukhala ndi malikhweru awiri, lina lokwera lina lotsikirapo, lokwera likhale 1, lotsika 0. Modemu ya pa pholo imamvetsera, kubwezeretsa manambalawo, mita n’kuona ngati ndi oona, kenaka n’kuyankha pa njira yomweyo. Kamphindi kaja mumadikira musanaone kuti mayunitsi alowa, ndi nthawi imene awiriwa akufunsana ndi kuyankhana. Ngakhale dzina loti modemu lili ndi nkhani yomweyi: analumikiza mawu awiri a Chingerezi, lina lonena za kusenzetsa uthenga pa funde, lina za kuutula.

Wowulutsa: Koma a Injiniya, mavolti 230 amapha munthu. Kakhutu kakang’ono ka modemuko sikapsa?

Katswiri: Pakhomo pake pali sefa. Timaitcha kapasita, ndipo nthawi zambiri imagwira ntchito limodzi ndi kathiransifoma kochepa ngati njere ya nyemba. Monga sefa ya kukhitchini imalola ufa wosalala kudutsa n’kutsakira misere, kapasita imalola mafunde othamanga kudutsa mosavuta, koma a ka 50 aja imawakaniza. Modemu imamva likhweru lokha, chigayo chimatsala panja.

Wowulutsa: Yachiwiri ndi ya bambo wina wa ku Ndirande, ndipo yalembedwa ndi mtima wapachala. Akuti mayunitsi anawathera usiku, anagula ena pa foni, koma kachipangizo kanakana kangapo konse mpaka anagona mumdima. M’mawa kanavomera popanda chimene anasintha. Akufunsa kuti kodi kanali ndi nkhwidzi?

Katswiri: Pepani bambo, kugona mumdima ndalama mutalipira kumawawa. Kunyumba kwanu sindinafike, choncho ndingotchula zimene ndimayamba kuyang’ana ndikaitanidwa. Mayunitsi akatha mita imadula magetsi olowa m’nyumba, koma opanga anasiya kanjira koti likhweru lizidutsabe. Vuto ndi loti kachipangizo ka m’nyumba kalibenso pomwera mphamvu, kamadalira mabatire ake. Anthu ambiri sadziwa n’komwe kuti kali ndi mabatire kufikira usiku woterowo, ndipo amapezamo ataola kalekale. Mabatire ofooka amatha kuyatsa manambala pa galasi koma kulephera kuimba likhweru lofika pa pholo. Swichi ya pa soketi ikhale yoyatsa, meni swichi ya m’nyumba nayo ikhale m’mwamba, apo ayi mwadula msewu nokha. Amene muli ndi jenereta kapena inveta ya sola, mukatembenuzira nyumba kumeneko mwaichotsa pa waya wa ku pholo, ndipo kachipangizoko kakhala kakuitana m’nyumba yopanda anthu.

Koma chimene ndimakumana nacho kawirikawiri ndi phokoso. Waya wa magetsi sanaupangire kuti uzinyamula uthenga. Aliyense amene walumikizapo chinthu amaponyamo zinyalala zake. Ndikuuzeni za kwa mlamu wanga. Iwo kachipangizo kankawavuta madzulo okhaokha, masana kali bwinobwino, ndipo anali atayamba kale kunena kuti pali wina akuwachita chipongwe. Ndinapita chakumadzulo, magetsi alipo, tinayamba kuzula zinthu chimodzichimodzi. Firiji, ayi. TV, ayi. Titafika kuchipinda cha anyamata tinapeza tchaja ya foni yotchipa, yopepuka ngati chikho chopanda kanthu, yamangidwa ndi selotepi pakati. Titaizula, manambala analowa ulendo woyamba. Tinaibwezera, kanakananso. Mlamu anaigwira tchajayo n’kuiyang’ana nthawi yaitali ngati wagwira mfiti.

Matchaja ndi mababu ena a LED ali ndi kaswichi mkati kamene kamatseka ndi kutsegula maulendo zikwizikwi pa sekondi. Opanga osamala amaikamo zotchinga kuti phokosolo lisatulukire mu waya, ofuna kutchipitsa amazisiya. Phokoso lake limagwera pafupi ndi pomwe modemu ikuimbira. Ndiye kumbukirani bambo kuti ku Ndirande thiransifoma imodzi imadyetsa nyumba zambiri, ndipo madzulo aliyense watchaja foni, wayatsa mababu, wina akumalizitsa kuwotcherera geti. M’mawa phokoso litachepa, likhweru lofooka lomwe lija linamveka. Chinanso, kachipangizoka musamakalowetse pa ekisitenshoni, makamaka zija zoteteza ku mphezi. Zimenezo zinapangidwa kuti zizimeza chilichonse chachilendo mu waya, ndipo zina zimameza ndi uthenga womwe. Kalowe pakhoma penipeni. Zikakanika zonsezi, itanani a kampani ya magetsi. Pa pholo musakwerepo, mita musaitsegule.

Wowulutsa: Mnyamata wina wa ku Chipata akuti amayang’anira nyumba yogona alendo ya makoma ochindikala, ndipo Wi-Fi sifika kuzipinda za kumapeto. Wamva kuti intaneti ingathe kudutsa m’masoketi. Akufunsa ngati si bodza la ogulitsa.

Katswiri: Timabokosi tija nthawi yake ndi ino. Kamodzi mumakalowetsa pa soketi pafupi ndi rauta n’kukalumikiza ndi kawaya, kachiwiri mumakalowetsa kuchipinda chakutali. Nzeru yake ndi ya chigayo yomweyo, kungoti manambala 20 a mayunitsi ndi katundu wa m’thumba la malaya, pamene kanema wa pa YouTube ndi matumba a chimanga. Likhweru limodzi silingakwanitse.

Tiyerekeze kuti muli ndi matumba ambiri oti awoloke msewu wokumbika, ndipo simukudziwa pomwe pali dzenje lero. Mukakweza onse pa lole imodzi, ikatitimira zonse zaima. Koma mukaitana anyamata a kabaza chikwi, aliyense ndi kanjira kake, wa njira yosalala mumamusenzetsa zambiri, wa njira yamatope pang’ono, ndipo njira yoipitsitsa mumangoisiya. Ndi zimene timabokositi timachita, akatswiri amati OFDM. Mtundu wotchedwa HomePlug AV, umene unatuluka mu 2005, umagawa uthenga pa timafunde 1,155 tomwe tili pakati pa 2 miliyoni ndi 30 miliyoni pa sekondi. Timabokosi tiwiriti timayeza waya, n’kugwirizana kuti kanjira kalikonse kanyamule zochuluka bwanji. Wina akayatsa firiji, msewu wasintha, timayezanso. Pa katundu aliyense timawonjezera manambala ena othandiza kukonza pomwe pawonongeka, ndipo chikafika chophwanyika kwambiri, wolandira amapempha kuti chitumizidwenso. Kuti muone kutalika kwa ulendo: njira yotchedwa X10, imene kampani ya Pico Electronics ya ku Glenrothes ku Scotland inapanga mu 1975, inkangoimba kalikhweru kamodzi pa kamphindi kamene magetsi akutembenuka, ndipo ntchito yake yaikulu inali kuyatsa ndi kuzimitsa nyale ndi zipangizo zina za m’nyumba.

Ndiye si bodza, mphwanga. Bodza lili pa nambala ya pa katoni. Akalemba 200 kapena 1,000, imeneyo ndi liwiro la pa waya wabwino kwambiri, kuphatikizapo manambala okonzera aja. Chofika kwa mlendo wanu chimakhala chochepa kwambiri kuposa pamenepo. Nyumba zazikulu ngati yanu nthawi zambiri zimalandira magetsi a mafezi atatu, ndipo zipinda zikakhala pa mafezi osiyana uthenga umafooka podumpha. Ine ndikanakhala inu ndikanabwereka kaye tiwiri n’kuyesa chipinda ndi chipinda ndisanagule. Ngati n’kotheka kuboola khoma n’kudutsitsa waya weniweni wa netiweki, umenewo ndiye sukhumudwitsa. Mukagula, dinani kabatani kolumikizitsa pa tonse tiwiri kuti tipange kiyi yawoyawo, chifukwa uthenga umatha kudutsa pa mita n’kukafika kwa oyandikana nawo.

Wowulutsa: Iyi ndi yaifupi, yachokera kwa mchemwali wathu amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Akuti giza ya kunyumba kwa abwana ake imazima yokha madzulo, ndipo anamuuza kuti amazimitsa ndi a mzinda. Amalowa bwanji m’nyumba yokhoma?

Katswiri: Salowa, chemwali. Mizinda ina ya ku South Africa inaika kaswichi pa waya wa giza, ndipo nthawi imene anthu onse akuphika, a magetsi amatumiza kamvekero m’mawaya a dera lonse, kaswichiko kakamva n’kuzimitsa. Kamvekeroko ndi kotsika, ka mazana angapo kapena chikwi ndi kanthu pa sekondi, dala kuti kathe kudutsa m’mathiransifoma. Kamanyamula mawu awiri okha, yatsa ndi zimitsa, koma kamafika kutali. Nzeru imeneyi ndi yakale. M’zaka za m’ma 1920 makampani a magetsi anali atayamba kale kuimbirana foni pa mawaya akuluakulu a pakati pa masiteshoni awo.

Wowulutsa: Yomaliza kwa lero ndi ya aphunzitsi ena a ku Ntchisi. Akuti ngati zili choncho, bwanji intaneti osangoithira m’mawaya a magetsi kuti mudzi uliwonse umene uli ndi mapholo ulandire?

Katswiri: Aphunzitsi, funso lanu linawadyera anthu ndalama zambiri. Mzinda wa Manassas, m’chigawo cha Virginia ku America, unayala intaneti yotere mu mzinda wonse mu 2005, ndipo pofika 2010 anaganiza zoitseka. Chopinga choyamba ndi thiransifoma. Mafunde othamanga amene intaneti imafuna amafera pomwepo, choncho pa thiransifoma iliyonse pamafunika chipangizo chowalambalalitsa, ndipo m’njira monse pamafunika zina zowawonjezera mphamvu. Chachiwiri chikutikhudza ife a pa wailesi. Waya wautali wa pa mapholo, wopanda chokutira, ndi eriyo. Mafunde a pakati pa 2 miliyoni ndi 30 miliyoni ndi omwewo a shortwave, amene agogo athu ankasaka usiku kuti amve nkhani za kunja, ndipo amathawira mumlengalenga n’kusokoneza omvera. Ku Manassas anthu oyankhulana pa mawailesi awoawo anadandaula kwa zaka. N’chifukwa chake ngakhale timabokosi tili patebuloti tinapangidwa kuti tinjira tina mwa 1,155 tija tizikhala totseka.

Pomwe njirayi yakhazikika ndi pa katundu wopepuka. Kampani ya Enel ku Italy inayamba mu 2001 kuika mamita owerengedwa kudzera m’mawaya, ndipo anafika pafupifupi 30 miliyoni. Ku France mamita a Linky amatumiza ziwerengero zawo pa waya mpaka pa thiransifoma ya m’dera, kuchoka apo uthenga umakwera netiweki ya foni. Za intaneti ya mtunda wautali, makampani a magetsi anapeza kuti chuma chawo chenicheni ndi mapholo ndi nsanja zomwezo. Amadutsitsa ulusi wa galasi, faiba, mkati mwa waya wa pamwamba penipeni umene umateteza nsanja ku mphezi, uthenga n’kumayenda ngati kuwala, osakhudzana ndi magetsi.

Wowulutsa: A Injiniya, nthawi yatithera, ndipo makalata atatu atsala, ina ikufunsa za mita imene imalira usiku.

Katswiri: Imeneyo muisunge pamwamba, tidzayambira pomwepo. Bambo a ku Ndirande, yambani mwatsegula kumbuyo kwa kachipangizo kaja muone mabatire.