Khungu Louma: Lifuna Mafuta Kodi, Kapena Madzi?

Mwezi uno tiphunzire za khungu, ndilo cobvala cimene Mulungu anabveka thupi lathu. Kuuma kwa khungu kuli kwa mitundu iwiri: lina lisowa mafuta, lina lisowa madzi. Mtundu woyamba ungosautsa munthu. Koma waciwiri ukhoza kupha mwana masiku awiri asanathe. Cifukwa cace tiyenera kudziwa kusiyana kwace.

1. Khungu losowa mafuta. Khungu litulutsa mafuta ace ace, ndiwo atsekereza cinyezi kuti cingacoke. Mafutawa acepa m'nyengo ya cisanu, m'June ndi m'July, pakuomba mwera. Acepanso mwa okalamba, ndi mwa iwo akusamba ndi sopo waukali wocapira. Pamenepo miyendo ituwa mbuu, khungu liyabwa ndi kufundula, ndipo zidendene zing'ambika. Koma munthuyo ali nazo mphamvu zace, adya, nakodza monga masiku onse. Wotere asambe ndi madzi ofunda, osati otentha. Ndipo thupi lisanaumitsitse adzole mafuta a nsatsi monga anacita makolo athu, kapena a mtedza, kapena Vaseline. Asakande, pakuti zikhadabo zitsegulira zilonda khomo. Kumwa madzi ambiri sikucotsa kutuwa kumeneku iai.

2. Khungu losowa madzi. Ici cioneka pamene thupi lataya madzi ndi kutsegula m'mimba, kusanza, malungo, kapena thukuta la m'October. Ngakhale munthu wa nkhope ya mafuta cimgwera. Zizindikiro zace nazi: ludzu lalikuru, m'kamwa mouma, maso olowa, mikodzo yocepa ndi yofiira, ndi liwombo lolowa pa khanda. Yesani cotere: tsinani khungu la pamimba ndi zala ziwiri, mulitukule, nimulileke. Labwino libwerera pomwepo. Losowa madzi litsala lokwinyika kanthawi. Koma la nkhalamba ndi la mwana woonda kwambiri licedwa masiku onse. Pa iwo penyaninso zizindikiro zinazo.

Pano mafuta sathandiza konse. Amai, mvetsani: mankhwala opaka pamutu sadzutsa liwombo, cilidzutsa ndi madzi olowa pakamwa. Sungunulani paketi ya ORS m'lita imodzi ya madzi owiritsa ndi ozizira. Ikasowa, thirani m'lita imodzi tisupuni ta tiyi 6 ta shuga tosasefukira, ndi theka la kasupuni ka mcere. Musapitirize mcere, pakuti wocuruka uononga. Mwetsani mwana pang'ono pang'ono. Akasanza, dikirani mphindi 10, nimuyambenso. Musaleke kumyamwitsa. Akakana kumwa, akasanza zonse, kapena akalefuka osadzuka, mnyamuleni kunka naye ku cipatala msanga, ngakhale usiku.

Kumbukirani Hagara m'cipululu ca Beereseba (Genesis 21). Madzi atatha m'thumba lace, anagoneka mwana wace pansi pa citsamba, nakhala patali alikulira, kuti asaone imfa yace. Ndipo Mulungu anamuonetsa citsime; iye natunga, namwetsa mnyamatayo, nakhala ndi moyo. Citsimeco Mulungu anapatsa, koma kutunga anatunga mai.

Tsono inu odziwa kuwerenga, werengerani anansi anu mau awa, makamaka amai a ana ang'ono, dzinja lisanadze ndi nthenda zace za m'mimba.