Msipu wa Ng'ombe pa Dothi la Mchere ku Chilwa

Alimi a ku Songani ndi Domasi adziwa kuti mwezi wa October ndiwo uondetsa ng'ombe. Chimanga chakololedwa, fodya wagulitsidwa, ndipo udzu wa m'tsinde mwa phiri la Zomba wauma kapena wapsa ndi moto wa kutchire. Pamenepo eni ziweto ayang'ana kum'mawa, ku madambo a Nyanja ya Chilwa, kumene kukali kobiriwira. Tsono tiyeni tiphunzire za msipu umenewo.

Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi ake. Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe ithira m'menemo, koma madziwo achoka ndi dzuwa lokha, nasiya mchere m'matope. David Livingstone anafika pa nyanjayi mu 1859, napeza madzi ake ali owawa. Inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka matope ong'aluka. Dothi lotere chimanga chilikana, ndipo fodya wolimidwa pa mchere sayaka bwino, wogula namunyoza.

Koma ulipo udzu wosaopa mchere. Woyamba ndiye kapinga, yemweyo amene timtemberera pamene atithyolera makasu m'munda wa chimanga. Kudambo iye ndi bwenzi: apirira mchere, chilala ndi ziboda za ng'ombe, naphukanso msanga. Wachiwiri ndi udzu wa Rhodes, umene ufesedwa ndi mbewu, ndipo ukhoza kumwetedwa, kuumitsidwa ndi kusungidwa. Njedza ikakhwima ng'ombe siziikonda. Isiyireni oluka mikeka. Ku Karoo, m'dziko la South Africa, alimi adyetsa nkhosa zao chitsamba cha mchere chochokera ku Australia, koma ife tiyesa kuti nkwabwino kuyamba ndi zimene zimera kwathu.

Chenjerani ndi zinthu ziwiri. Ng'ombe yodya msipu wa mchere imva ludzu lalikulu. Ikamwanso madzi owawa a m'zithaphwi itsegula m'mimba, nileka kudya, niwonda koposa kale. Chifukwa chake muzizimwetsa madzi abwino a mumtsinje kapena a pachitsime m'mawa ndi madzulo, zisanatsikire kudambo ndiponso pobwerako. Chinanso ndi nyongolotsi za m'chiwindi, zimene zifalitsidwa ndi nkhono zazing'ono za m'malo a lowe. Ng'ombe yogwidwa nazo itupa pansi pa chibwano, ifooka pagoli, ndipo ikaphedwa chiwindi chake chitayidwa. Musalole abusa kuzilowetsa m'matope, zidye pouma. Za mankhwala funsani mlangizi wa ziweto.

Msipu wa kudambo usakhale wokha. Unjikani mapesi ndi masamba a mtedza pa thandala, tolani nyemba za msangu zikagwa, nimuzipatsa ng'ombe m'khola madzulo. Zotsala zidzapondedwa pamodzi ndi ndowe, ndipo manyowawo muwatutire kumunda mvula isanagwe.