Zakumwa ziwiri za pa Gologota: china Yesu adakana, china adalandira

Pomvera mbiri ya masautso a Ambuye, akhristu ambiri amaganiza kuti Yesu adapatsidwa chakumwa chowawa kamodzi kokha. Koma Mthenga Wabwino umanena za zakumwa ziwiri: choyamba asanamkhomere pamtanda, chachiwiri atatsala pang'ono kufa. Choyambacho adachikana, chachiwiricho adachilandira. Phunziro lagona pa kusiyana kumeneku.

Chakumwa choyamba

Mateyo 27:34 akunena za vinyo wosakaniza ndi ndulu, pamene Marko 15:23 akunena za vinyo wosakaniza ndi mure. Ku Salima liwu loti ndulu silisowa womasulira. Aliyense amene adatumbulapo chambo cha ku Senga Bay akudziwa kuti ndulu ikaphulika, ndiwo yonse imawawa. Ena akamva liwuli amakumbukira ndulu ya ng'ona, imene anthu amaiopa kuti ndi chiphe, ndiye amaganiza kuti asilikali adafuna kumupha Yesu ndi poizoni.

Sizinali choncho. Liwu la Chigriki limene Mateyo adalemba limatanthauza ndulu, komanso chinthu chilichonse chowawa kwambiri. Mure ndi utomoni wa mtengo wina wa ku Arabia ndi kumpoto chakum'mawa kwa Africa, wonunkhira bwino koma wowawa m'kamwa. Choncho alembi awiriwa sakutsutsana. Marko akutchula chimene chidathiridwa mu vinyomo, pamene Mateyo akufuna kuti owerenga akumbukire Salimo 69, m'mene munthu wosalakwa akudandaula kuti adani ake adampatsa ndulu ndi vinyo wosasa.

Nanga ntchito yake inali yotani? Buku la miyambo ya Ayuda lotchedwa Talmud limafotokoza kuti amayi olemekezeka a ku Yerusalemu ankapatsa munthu wokaphedwa vinyo wothira lubani kuti mutu wake usagwire bwino, potsata Miyambo 31:6. Nchifukwa chake akatswiri ambiri a Baibulo amati chakumwa choyambachi chinali choziziritsa ululu.

Yesu adangolawa, nakana kumwa. Ku Getsemani adaali atavomera kale chikho chimene Atate adampatsa (Marko 14:36), ndipo adafuna kuti nsembe yake ikhale ya munthu wodziwa chimene akuchita. Ntchito inali ikadalipo pamtandapo: kupempherera omupachika, kulonjeza Paradizo kwa chigawenga cholapa (Luka 23:34-43), ndi kupereka amayi ake m'manja mwa wophunzira wokondedwa (Yohane 19:26-27). Zimenezi sizikadatheka mutu utazunguzika.

Chakumwa chachiwiri

Pa Lachisanu Loyera chaka chilichonse Mpingo umawerenga Yohane 19:28-30. Yesu atanena kuti ali ndi ludzu, adaviika chinkhupule mu vinyo wosasa nachifikitsa pakamwa pake. Uyu anali vinyo wotchipa wa asilikali a Chiroma ndi aganyu, wothetsa ludzu monga amachitira thobwa kwa alimi kumunda. Sankathetsa ululu. Yesu adamulandira kuti Malembo apherezeke, kenaka adalengeza kuti zonse zatha, napereka mzimu wake.

Yohane akutchulanso kuti chinkhupulecho chidaikidwa pa hisope. Kachitsamba komweka ndiko Aisraele adapakira magazi a mwanawankhosa pa mphuthu za nyumba zao usiku wa Paska (Eksodo 12:22). Mlembiyo akuloza Yesu ngati Mwanawankhosa weniweni.

Kodi mkhristu azikana mankhwala opha ululu?

Pali mabanja ena amene amauza wodwala kuti apirire monga Yesu, asamwe mankhwala amphamvu. Chimenechi si chiphunzitso cha Mpingo. Mu 1957 Papa Pius XII adayankha madokotala kuti kugwiritsa ntchito mankhwala ochepetsa ululu nkololedwa. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa nambala 2279, amaphunzitsanso kuti wodwala amene ali pafupi kufa angapatsidwe mankhwalawa, malinga ngati cholinga sichili kumupha, ndipo kuti chisamaliro chotere ndi ntchito yapadera ya chikondi. M'boma lomwe lino muli malo a Ndi Moyo, amene mayi Lucy Finch adatsegula mu 2007 kuti azisamalira odwala matenda osachiritsika monga khansa. Kutengera m'bale kumalo otere kapena kuchipatala si kuchepa kwa chikhulupiriro. Ululu ukachepa, wodwala amatha kupemphera, kulapa, kulandira Ukaristia ndi kutsazikana ndi ana ake.

Chimene chitsanzo cha Yesu chikudzudzula ndi china: kudziziziritsa mtima pofuna kuthawa udindo. Bambo amene nsomba zavuta kunyanja, kapena malipiro atha mwezi usanathe, angathe kuthamangira kachasu kuti aiwale. Kukacha ngongole ili pomwepo, ana sadadye, ndipo mawu amene mkazi wake amafuna kumva sadanenedwe. Ena sathawira ku mowa, koma ku foni kapena ku juga. Chilichonse mwa zimenezi ndi chikho choyamba chija: chimagonetsa munthu pa nthawi imene banja lake likumufuna ali maso.

Yesu adakana chimene chikadamlanda nzeru, nalandira chimene chidamthandiza kumaliza ntchito yake. Mkhristu angayese chikho chake ndi muyeso womwewo.

Zokambirana ku mphakati

1. Werengani Marko 15:23 ndi Yohane 19:28-30. Zakumwa ziwirizi zikusiyana bwanji?
2. Ndi zinthu ziti zimene anthu a m'dera lino amathawirako mavuto akachuluka?
3. Kodi mu mphakati muli wodwala amene akuvutika ndi ululu kunyumba? Ndani akamuyendere sabata ino, ndipo ndani amuperekeze kuchipatala?