Kodi ndigule monita ya 4K?

Funso: Ndili ndi kompyuta yosewerera magemu yomwe ili ndi graphics card ya NVIDIA RTX 3060. Ndasunga kandalama koti ndigulire monita yatsopano, ndipo mnzanga akuti ndigule ya 4K basi. Kodi akunena zoona?
Wowerenga wa ku Zomba

Yankho: Achimwene, mnzanuyo mumumvere pa zina, osati pa izi. Chithunzi cha 4K chili ndi timadontho tochuluka kanayi kuposa cha 1080p, ndipo khadi yanu iyenera kujambula kadontho kalikonse maulendo ambirimbiri pa sekondi imodzi. RTX 3060, yomwe inatuluka mu 2021, imathamanga bwino pa 1080p, ndipo pa 1440p imayesetsa ndithu. Pa 4K magemu atsopano azidzatsimphina, mpaka mudzatsitse zithunzi kubwerera ku 1080p komweko, ndalama zitapita kale.

Chofunika kwambiri ndi ma Hz, kutanthauza kuti monita imasintha chithunzi kangati pa sekondi. Ya 60Hz ndi ya mu ofesi. Ya 144Hz mudzaona kusiyana kwake tsiku loyamba lomwe, makamaka pa Counter-Strike 2 kapena Fortnite. Ikhale ndi FreeSync kapena G-Sync kuti chithunzi chisamang'ambike pakati. Kunyumba mukalowe m'masetingi a Windows n'kusankha 144Hz, chifukwa ambiri amaiwala n'kumasewerabe pa 60Hz osadziwa.

Chingwe chake chikhale cha DisplayPort, ndipo muchilumikize pa khadiyo, osati pa motherboard.

Gulani ya mainchesi 24, 1080p, 144Hz, ya mtundu wa IPS. Ndalama zotsalazo mugulire UPS yoteteza kompyuta magetsi akazima.